Lamba wa m'chifu: moyo umakhala wotani opaleshoni yochepetsa thupi ikatha?

Mawu akuti "lamba" ndi amene amasokoneza anthu. Wina akamva kuti uje anamuika lamba kuti achepe thupi, amaganiza za malamba aja amatsatsa pa Facebook, omanga pamimba kuti chiuno chioneke. Wina amangoti basi munthuyo anamudula chifu. Ena masiku ano akusakaniza nkhaniyi ndi majakisoni ochepetsa thupi amene ali m'kamwam'kamwa, monga Wegovy ndi Mounjaro. Zonsezi n'zosiyana. Lamba amene tikunena pano, amene madokotala amamutcha gastric band, amakhala m'kati mwa thupi, savulidwa pogona, ndipo pomuika palibe chiwalo chimene chimadulidwa.

Nkhani yake yadzukanso chifukwa cha kafukufuku wamkulu wa ku Britain amene zotsatira zake zinatuluka mu 2025, wosonyeza kuti lambayu akutsalira kumbuyo pomuyerekeza ndi maopaleshoni ena. Madokotala ambiri anasiya kale kumuika. Komatu anthu miyandamiyanda ali naye m'mimba mpaka lero, makamaka ku America, ku Europe ndi ku Australia, ndipo pakati pawo sipangalephere kupezeka abale athu okhala ku Britain kapena ku South Africa. Kwa iwowo funso loti "ndiikidwe kapena ayi" linadutsa kalekale. Chimene akulimbana nacho ndi mbale ya chakudya ya tsiku lililonse.

Kodi lambayu ndi chiyani?

Chakudya chikachoka m'kamwa chimatsika ndi mmero n'kukalowa m'chifu, lomwe ndi thumba lotamuka, lotha kulandira lita imodzi kapena kupitirira apo mwa munthu wamkulu. Dokotala amazengereza lamba kumtunda kwenikweni kwa thumbali, pafupi ndi polowera chakudya. Tayerekezani thumba la ufa limene mwalimanga ndi chingwe m'munsi pang'ono mwa kukamwa kwake: pamwamba patsala kathumba kakang'ono, pansi pali thumba lonse, ndipo pakati pali kanjira kopapatiza. Kathumba ka pamwambako sikaposa dzira la nkhuku. Chifu chotsalacho chimakhalabe chathunthu ndipo chimagaya chakudya monga kale.

Lambayo ndi mkombero wopangidwa ndi silicone, mtundu wa labala wofewa amene thupi sililimbana naye. M'kati mwa mkomberowo muli kathumba kofufuma, ngati chubu cha njinga. Kuchokera pamenepo pali kapaipi kakang'ono kopita ku kabatani kamene amakasokerera pamnofu wa pamimba, kunsi kwa khungu. Kabatanika kamatchedwa port. Ndi pamene dokotala kapena namwino amabayapo singano n'kuthira madzi amchere, omwe aja a mu diripi. Akathira, lamba amafufuma ndipo kanjira kamachepa. Akapopa madziwo, kanjira kamakula. Munthu akachepa thupi amatha kukamva kabatanika ndi chala.

Opaleshoni yake siing'amba mimba yonse. Amaboola timabowo tingapo, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zazitali zopyapyala. Kawirikawiri imatenga ola limodzi kapena kucheperapo, ndipo wodwala amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Lamba wosinthika chonchi anayamba m'zaka za m'ma 1980. Ku America anamupanga dokotala wochokera ku Ukraine, Lubomyr Kuzmak, ndipo ku Sweden a Dag Hallberg ndi a Peter Forsell anapanga wawo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti amene anaika koyamba lamba wotchuka kwambiri, wa dzina loti Lap-Band, kudzera pa timabowo anali Mwafirika: Mitiku Belachew, wobadwira ku Ethiopia, yemwe anachita zimenezi mu 1993 m'tauni ya Huy ku Belgium. Boma la America linavomereza Lap-Band mu 2001. Mu 2011 opaleshoni imodzi mwa zitatu zilizonse zochepetsa thupi m'dzikomo inali ya lamba. Pofika 2019 inali itatsika kufika pafupifupi imodzi mwa 100.

Si aliyense wonenepa amene amaloledwa. Madokotala amayang'ana BMI, nambala imene imapezeka pogawa kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Mayi wa mamita 1.65 wolemera makilogalamu 110 ali ndi BMI yoposa 40 pang'ono. Ku Britain, bungwe la NICE limene limapereka malangizo a zachipatala limati munthu angaganiziridwe za opaleshoni BMI ikafika 40, kapena 35 ngati ali kale ndi matenda monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kuyambira 2023 malangizowo amati kwa anthu akuda ochokera ku Africa ndi a ku Asia manambalawa angatsitsidwe ndi 2.5, chifukwa matendawa amawagwira thupi lisanafike pokula kwambiri.

Si chitseko chotsekera chakudya

Poyamba ngakhale madokotala ankaganiza kuti lamba amagwira ntchito ngati chitseko: kathumba kakadzaza, munthu walephera kudya, nkhani yatha. Anthu ambiri akumvabe choncho, ndipo kamvedwe kameneka ndi kamene kamawapweteketsa.

Ofufuza a ku Monash University mumzinda wa Melbourne ku Australia, motsogozedwa ndi a Paul O'Brien ndi a John Dixon, anaonetsa kuti lamba akakhala bwino chakudya sichikhalitsa m'kathumba kaja. Nthongo iliyonse imene munthu wameza, mmero umaifinya kangapo mpaka itadutsa pa lamba, ndipo zimenezi zimatenga mwina mphindi imodzi. Kufinyako kumakhudza mitsempha ya pakhoma la chifu, imene imatumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha waukulu wotchedwa vagus, kuti "takhuta kuno". Nthongo makumi awiri zodutsa mwa njira imeneyi zimakhutitsa munthu amene kale ankamaliza mbale ziwiri. Ofufuzawo anapezanso kuti lamba wothiridwa madzi okwanira amachepetsa njala ngakhale m'mawa munthu asanadye kanthu.

Amene anapitako kuchigayo angamve msanga. Wogayitsa amatsegula kachitseko pang'ono kuti chimanga chizitsika mwa muyeso. Akatsegula kwambiri chimangokhuthukira, akatseka kwambiri palibe chotsika, ndipo mukachikankhira ndi dzanja chigayo chimatsamwa. Lamba ndi kachitseko koteroko, kungoti wochikankhira ndi mwini mimba.

Masabata oyamba

Pochoka kuchipatala lamba amakhala wopanda madzi kapena ali ndi ochepa kwambiri. Chifu chimakhala chotupa, ndipo ulusi umene wagwira lamba pamalo pake umafuna nthawi kuti upole. Ndiye munthu amayamba ndi zakumwa zokhazokha kwa sabata imodzi kapena ziwiri: madzi, mkaka, msuzi wosefa. Kenako zakudya zopota ngati za mwana woyamba kudya, kenako zofewa monga mazira ndi nsomba, mpaka cha m'sabata yachisanu ndi chimodzi pamene amabwerera ku chakudya wamba. Zipatala zimasiyana pang'ono pa masiku ake.

Chodabwitsa n'chakuti kutupa kukatha, njala imabwerera yonse, chifukwa lamba sanayambe kugwira. Ambiri amakhumudwa pamenepa n'kumaganiza kuti ndalama zawo zapita m'madzi. Ntchito yeniyeni imakhala isanayambe.

Kukathiritsa madzi

Patatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, munthu amapita kukathiritsa madzi koyamba. Amagona chagada, n'kuuzidwa kuti adzutse mutu kapena miyendo pang'ono kuti minofu ya pamimba ikungike, kabatani kaja kaonekere. Namwino amakafufuza ndi zala, amapukuta pakhungu, n'kubaya. Singano yake ndi yapadera, yotchedwa Huber, yopindika kunsonga kuti isaboole labala wa kabataniko mosiya dzenje. Singano wamba ikhoza kuwononga kabatani n'kuyambitsa kudontha. Kenako amathira madzi, nthawi zina theka la mililita lokha. Malamba ambiri a masiku ano amalandira mamililita 10 kapena 14 akadzaza, choncho timadontho tochepa timasintha zambiri. Akamaliza amamupatsa munthuyo kapu ya madzi kuti amwe pang'onopang'ono ali pomwepo. Madziwo akatsika bwinobwino, apite. Akaima pachifuwa, namwino amapopako pang'ono. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake munthu amabwereranso ku zakumwa ndi zofewa.

Zonsezi sizitenga mphindi khumi, koma zimachitika kambirimbiri. M'chaka choyamba munthu amatha kupita mwezi ndi mwezi, ndipo pambuyo pake kamodzi kapena kawiri pachaka kwa moyo wake wonse.

Madokotala a ku Melbourne aja anapanga njira yofotokozera zimenezi ndi mitundu itatu. Chikasu ndiye kuti lamba ndi wokhwefuka: munthu akumva njala, akudya zambiri, sikelo siikusuntha. Kubiriwira ndi pamene pakufunika: kambale kakang'ono kakumukwanira, njala ikutenga maola angapo isanabwere, thupi likutsika theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pasabata. Kufiira ndiye kuti lamba wathina: kumeza kukuvuta, chilungulira, kusanza, kutsokomola usiku chifukwa madzi a m'chifu akubwerera kukhosi.

Vuto lili apa. Odwala ambiri amakonda kufiirako. Amaona ngati lamba akathina ndiye kuti akugwira ntchito, ndipo amapempha kuti awonjezere madzi ngakhale akusanza tsiku ndi tsiku. Ena amabisa kusanzako poopa kuti dokotala apopa madzi. Chotsatira chake amasiya nyama ndi masamba chifukwa sizikudutsa, n'kuyamba kukhalira zotsekemera zamadzimadzi zimene zimadutsa mosavuta, ndipo thupi limayambanso kukwera lamba ali chithinire.

Lambayu alinso ndi nyengo zake. Ambiri amamumva wothina m'mawa kuposa madzulo, moti ena kadzutsa wawo ndi tiyi basi. Amayi ena amamumva wothina akayandikira kumwezi. Nkhawa, chimfine, ngakhale ulendo wa pandege, zimatha kumusintha kwa masiku angapo.

Kuphunziranso kudya

Apa ndi pamene moyo umasinthiratu. Ku Britain odwala amaphunzitsidwa lamulo la ma 20: nthongo isapose kandalama kachitsulo ka 20 pence, itafunidwe ka 20, munthu adikire kaye asanatenge ina, ndipo pakatha mphindi 20 asiye kudya ngakhale chakudya chatsala. Supuni imaikidwa pansi pakati pa nthongo ndi nthongo. Mbale yake ndi yaing'ono, ija timaikamo buledi pa tiyi. Amayamba ndi ndiwo zomanga thupi monga nsomba, nkhuku, mazira kapena nyemba, kenako masamba, ndipo zokhutitsa zimabwera pomalizira ngati malo atsala. Madzi amwe asanadye kapena padutse theka la ola atadya, malinga ndi malangizo a zipatala zambiri.

Kwa munthu amene anakulira nsima, izi n'zotembenuza dziko. Ife chakudya ndi nsima, ndiwo n'zongoperekeza. Ndiponso mbamu sititafuna kwenikweni: timaiumba m'manja, kuisunsa mu msuzi, n'kumeza. Zakudya zimene zimadziwika kuti zimakakamira pa lamba ndi zomwe zimaumbika kukhala chibulumwa chomata, monga buledi wofewa, mpunga ndi pasta, ndiye n'zosachita kufunsa kuti mbamu yomezedwa yathunthu ikakumana ndi zotani pa kanjira kochepa ngati chala. Mandasi ndi chimodzimodzi. Gulu lina lovuta ndi la zolimba ndi zaulusi: nyama yowotcha youma, mnofu wa pachifuwa cha nkhuku wophikidwa mopitirira, masamba osasadzulidwa bwino, makoko a zipatso, timatumba ta malalanje, chinanazi, mango aulusi. Anthu amasiyana, ndipo chimene chadutsa Lolemba chikhoza kukana Lachinayi.

Chakudya chikakakamira, munthu amamva ngati mwala wakhala pakati pa chifuwa. Ululu umatha kufika kumsana kapena paphewa. M'kamwa mumadzaza malovu okhuthala onanda, chifukwa thupi likuyesa kutereretsa chimene chaima. Akamwa madzi kuti akankhire, zinthu zimaipiraipira, popeza madziwo alibe kolowera. Amadzuka patebulo, kuyendayenda, ndipo nthawi zambiri chakudyacho chimabwerera chokha, chosagayika, chopanda kuwawasa kwa masanzi enieni chifukwa sichinafike m'chifu chachikulu. Odwala achingerezi anakupatsa dzina lachidule loti PB, kutanthauza kugeya kotuluka ndi kanthu. Kuchitika mwa apo ndi apo n'kozolowereka. Kukamachitika kangapo pasabata, ndiye kuti mwina kadyedwe kalakwika kapena lamba wathina, ndipo kukhoza kusuntha lambayo pamalo pake.

Tsono pali mbali ina imene otsatsa opaleshoniyi sankaitchula mokweza. Lamba alibe mphamvu pa chilichonse chamadzi kapena chosungunuka m'kamwa. Chokoleti, ayisikilimu, mabisiketi oviika mu tiyi, tchipisi cha m'mapaketi, zakumwa zashuga ndi mowa zimadutsa ngati palibe kanthu. Kwathu kuno tingawonjezerepo thobwa, maheu ndi phala lothira shuga ndi majarini. Munthu akhoza kulephera nthuli imodzi ya nyama koma n'kumwa zonenepetsa zokwana tsiku lonse asanafike masana. Zakumwa za gasi zili ndi vuto lakelake: mpweya umatupitsa mimba n'kusowa potulukira.

Ndiye pali anthu. Taganizirani mayi wa kwathu kuno wokhala mumzinda wa Leeds ku Britain amene wabwera kudzacheza kumudzi patatha zaka zisanu. Amuphera nkhuku, nsima yafika mitanda itatu, iye wangotsina pang'ono n'kusamba m'manja. "Bwanji achemwali, ndiwozi sizinakome? Kapena mwayamba kunyansidwa nafe?" Kukana chakudya cha mwini nyumba ndi mwano, ndipo kufotokoza kuti muli ndi lamba m'mimba pamaso pa apongozi si chinthu chapafupi. Kuonda msanga nakonso kumayambitsa manong'onong'o, pakuti kwathu thupi likatsika mwadzidzidzi anthu amayamba aganiza za matenda. Kwa Azungu manyazi ake ndi ena: amanenedwa kuti anabera, anasankha njira yachidule. Mu 2008 wowulutsa mawu pa wailesi yakanema ku Britain, Fern Britton, ananyozedwa kwambiri m'manyuzipepala zitadziwika kuti kuchepa thupi kwake kunali kwa lamba amene anaikidwa mwakachetechete. Ichi n'chifukwa chake ambiri amabisa, ndipo wobisa amavutika kupempha thandizo zikavuta.

Kodi thupi limatsika bwanji?

Madokotala amayeza ndi kulemera kopitirira muyeso. Ngati munthu amayenera kulemera makilogalamu 70 koma akulemera 130, opitirirawo ndi 60. Akataya theka la amenewa afika pa 100. Adakali wonenepa, koma mawondo, shuga ndi kupuma kwake usiku zimamva kusiyana. Ndi lamba thupi limatsika pang'onopang'ono, kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kusiyana ndi maopaleshoni ena amene amagwetsa thupi m'chaka choyamba.

Umboni wake uli mbali ziwiri, ndipo mbali zonse zili ndi manambala. Gulu la ku Melbourne linafalitsa mu 2008 kafukufuku wa anthu 60 amene anali atangopezeka ndi shuga. Patatha zaka ziwiri, mwa oikidwa lamba 73 pa 100 alionse shuga wawo anali atabwerera m'malo, pamene mwa olandira chithandizo wamba anali 13 pa 100. Mu 2013 gulu lomwelo linanena za odwala 3,227, ndipo amene anawatsatira mpaka zaka 15 anali atatayabe pafupifupi theka la kulemera kopitirira kuja.

Mumzinda wa Brussels ku Belgium nkhani inali ina. Dokotala Jacques Himpens ndi anzake anafalitsa mu 2011 zotsatira za odwala 82 amene anawatsatira kwa zaka 12 kapena kuposerapo. Pafupifupi theka anali atachotsedwa lamba, ndipo pafupifupi 6 mwa 10 alionse anachitidwanso opaleshoni ina. Komabe ambiri mwa iwo ananena kuti anali okhutira. Malamba amenewo anali akale, oikidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi njira imene inasinthidwa pambuyo pake, ndipo oikira lamba kumbuyo amakumbutsa zimenezi.

Kafukufuku wa 2025 uja, wotchedwa By-Band-Sleeve ndipo wotsogozedwa ndi University of Bristol, anagawa mwamaere odwala 1,346 m'magulu atatu. Ena anaikidwa lamba. Ena anachitidwa sleeve, kumene kuli kudula n'kutaya mbali yaikulu ya chifu kuti chitsale chopyapyala ngati nthochi. Ena anachitidwa bypass, kumene amapanga kachifu kakang'ono n'kukalumikiza ku matumbo molambalala chifu chachikulu. Patatha zaka zitatu, amene anataya theka kapena kuposa la kulemera kopitirira anali 68 pa 100 a bypass, 41 pa 100 a sleeve, ndi 25 pa 100 a lamba.

N'chifukwa chiyani Melbourne ndi malo ena akusiyana chonchi? Chifukwa chimodzi chimene mbali zonse zimavomereza ndi chisamaliro cha pambuyo pa opaleshoni. Kumene odwala amaonedwa pafupipafupi ndi anthu odziwa kusintha lamba, zotsatira zimakhala zabwinopo. Kumene munthu anangokwera ndege kukachitidwa opaleshoni yotchipa kudziko lina n'kubwerera kopanda womuthira kapena kumupopa madzi, lambayo amasanduka chinthu chongokhala m'mimba. Otsutsa amati chithandizo chimene chimafuna zonsezi kuti chiyende n'chovuta kuchidalira. Ovomereza amati pa tsiku la opaleshoni lamba ndi amene ali ndi chiopsezo chochepa, sadula kanthu, sasokoneza kayamwidwe ka chakudya m'matumbo, ndipo akhoza kuchotsedwa.

Zikavuta

Mavuto ena ndi a chipangizo chenichenicho. Kabatani kamatha kutembenuka moti singano siingalowe, kapaipi kamatha kuthyoka kapena kudontha, ndipo munthu amangozindikira kuti njala yabwerera. Izi zimakonzedwa ndi opaleshoni yaing'ono.

Ena ndi aakulu. Lamba amatha kutsetsereka, mbali ya chifu n'kukwera pamwamba pake, kathumba kaja n'kukula ndi kupindika. Zizindikiro zake ndi chilungulira chosatha, kubwerera kwa chakudya usiku, ndi kusanza. Kutsetsereka kwadzidzidzi kukhoza kutsekeratu njira ndi kufinya mitsempha ya magazi ya chifu. Munthu wa lamba amene akulephera kumeza ngakhale madzi kapena malovu ake, kapena akumva kupweteka kwambiri m'mimba kapena pachifuwa, kapena akusanza magazi, ayenera kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche. Choyamba chimene madokotala amachita ndi kupopa madzi onse mu lamba.

Lamba amathanso kudya khoma la chifu pang'onopang'ono mpaka kulowa m'kati, monga waya womangidwa pamtengo amalowera m'khungwa mtengowo ukamakula. Izi nthawi zambiri sizipweteka. Munthu amangoona kuti akudya zambiri ngati kale, kapena pa kabatani patupa ndi kufiira chifukwa tizilombo tatsika ndi kapaipi kuchokera m'chifu. Zikatero lambayo ayenera kuchotsedwa. Lamba wothina kwa zaka amathanso kutanula mmero, n'kuufooketsa moti umaleka kukankha chakudya bwino.

Kusanza kwa masabata angapo kuli ndi ngozi ina yobisika: kumamaliza vitamini B1 m'thupi, ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo ndi mitsempha. Kutsika thupi msanga kumabweretsanso timiyala m'ndulu mwa anthu ena. Tsitsi limatha kuthothoka kwa miyezi ingapo kenako n'kumeranso. Khungu lotsala lendelende pamimba ndi m'mikono silibwerera lokha mwa ambiri.

Mankhwala, pakati ndi maulendo

Mapiritsi akuluakulu amatha kukakamira ngati chakudya, choncho dokotala amatha kuwasintha kukhala amadzi kapena ophwanyika, koma si piritsi lililonse limene limaloledwa kuphwanyidwa. Mankhwala opha ululu a gulu la ibuprofen ndi diclofenac, amene ambiri timangogula pa golosale, amakanda chifu ndipo odwala a lamba amalangizidwa kusamala nawo. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi amafunika kuwaunikanso thupi likamatsika, chifukwa muyeso wakale ukhoza kukhala wopitirira. Ambiri amauzidwa kumwa piritsi la mavitamini tsiku lililonse ndi kuyezetsa magazi chaka ndi chaka.

Amayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, ndipo ayenera kudziwa kuti thupi likatsika kubereka kumabwerera msanga ngakhale kwa amene ankavutika. Ubwino wa lamba pa nthawi imeneyi ndi woti madzi akhoza kupopedwa mseru ukavuta, n'kudzathiridwanso mwana akabadwa.

Woyenda ulendo wautali, monga wobwera kutchuthi kumudzi, ndi bwino asathiritse madzi kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke. Ayendenso ndi kalata yonena mtundu wa lamba wake, madzi amene alimo ndi pamene pali kabatani. Singano ya Huber ndi munthu wodziwa kuigwiritsa ntchito sizipezeka pachipatala chilichonse, ndipo dokotala amene sanauzidwe za lamba akhoza kutaya nthawi akufufuza malungo kapena zilonda za m'mimba mwa munthu amene vuto lake ndi mamililita awiri a madzi.

Kuchotsa lamba

Amati lamba amachotseka, ndipo n'zoona, koma kuchotsako ndi opaleshoni inanso yogonetsa tulo. Pamene panali lamba pamatsala chipsera chokhuthala, ndipo ngakhale chifu chimabwerera pafupifupi m'maonekedwe ake akale, njala nayo imabwerera. Ambiri amene amangochotsa osachita china thupi limakweranso. N'chifukwa chake madokotala amakambirana ndi wodwala zosinthira ku sleeve kapena bypass, tsiku lomwelo kapena patatha miyezi ingapo chifu chitapola. Maopaleshoni achiwiriwa amakhala ovutirapo kuposa oyamba chifukwa cha zipsera zija.

Majakisoni atsopano awonjezera njira ina. Semaglutide, amene amagulitsidwa ndi dzina loti Wegovy ndipo anavomerezedwa ku America mu 2021, amatsanzira timadzi ta m'matumbo timene timauza ubongo kuti munthu wakhuta. Pa kafukufuku wake wamkulu anthu anataya pafupifupi 15 pa 100 ya kulemera kwawo konse m'masabata 68. Ndi wodula, ndipo akasiyidwa thupi limakweranso mwa ambiri. Madokotala ena amawapatsa majakisoniwa odwala amene ali kale ndi lamba koma thupi layambanso kukwera. Popeza mankhwalawa amachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu ndipo amayambitsa mseru, wowayamba ali ndi lamba ayenera kudziwitsa amene amamusamalira lambayo, kuti ngati kusanza kwayamba aone ngati pakufunika kupopako madzi.

Amene lamba wawo akuyenda bwino, sakusanza, alibe chilungulira ndipo thupi laima pamalo abwino, sauzidwa kuti amuchotse chifukwa choti wachoka m'fasho. Amangopitiriza kukaonedwa chaka ndi chaka, ndipo zizindikiro zikasintha amajambulidwa X-ray atamwa madzi oyera okhuthala a barium, amene amaonetsa pa chithunzi mmene lamba wakhalira ndi mmene madziwo akudutsira.